Kudekha Kokha Sikukwanira

Adzukulu anga, makolo athu ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu ndi woona, koma sunenapo kanthu za nkhope ya wodikirayo. Munthu angathe kudekha ali ndwii, mtima ukuwawa, monga zimakhalira mu Febuluwale nkhokwe itauma, chimanga chisanache. Enanu mukudikira motero ntchito, zotsatira za mayeso, kapena mwana m'banja.

Apa m'pamene Chikhristu chimawonjezera kanthu. Pa Machitidwe 16 timawerenga kuti Paulo ndi Sila anakwapulidwa ku Filipi, naponyedwa m'ndende, mapazi atamangidwa. Pakati pa usiku ankapemphera ndi kuimbira Mulungu. Taonani ndondomeko yake: nyimbo ndiyo inatsogola, chivomezi chotsegula zitseko chinadza pambuyo. Chimwemwe chawo chinachokera kwa Ambuye amene anali nawo m'ndendemo, osati pa kumasulidwa kumene kunali kusanachitike.

Ena amati kukondwa zinthu zisanatheke n'kudzinamiza. Ine ndikukana. Wodzinamiza amabisa mabala ake, koma awiriwa ankaimba mabala ali poyera, osatsukidwa n'komwe. Woyang'anira ndende anadzawatsuka usiku womwewo, nyimbo itamveka kale kwa akaidi anzawo.