Pansi pa thanki yathu tidzale za kudambo, namasupuni ayi

Anzanga, imani kaye pano pa bolodi musanathamangire ku kalasi. Nkhani ndi ya kathanki ka galasi kaja tinakapeza m'chipinda cha zipangizo za sayansi. Ku kalabu ya zachilengedwe tonse tinagwirizana kuti tikatsuke, tithiremo madzi, tiikemo tinsomba. Mkangano unabuka titafika pa zomera. Gulu lina likuti pali wachibale amene amabwera kuchokera ku Liwonde, ndiye atitengere namasupuni poti maluwa ake ndi okongola. Gulu lina linaona pa foni zithunzi za mathanki a kunja, pansi pake pobiriwira ngati bwalo la mpira la Bingu, ndipo likuti tisonkhe ndalama tiitanitse zomera zomwezo. Ine ndikukana zonse ziwiri. Ndikuti tikatenge tizomera tifupitifupi tomera pansi pa madzi kudambo kwathu konkuno.

Ndiyambe ndi namasupuni. Kukongola ndi wokongoladi, sindingakane. Ndipo kukongola komweko n'kumene kunamuchotsa kwawo ku South America n'kumufalitsa m'mayiko ambiri, anthu akumubzala m'timadamu ta pakhomo. Mu mtsinje wa Shire anafika m'zaka za m'ma 1960, ndipo mpaka lero sanachoke. Madzi akamuyanja, amatha kuchuluka kawiri m'masabata awiri okha. Ku Liwonde, pafupi ndi Kamuzu Barrage, amachita kutchinga ndi kuvuula zomera za m'madzi ndi makina kuti zisakatseke polowera madzi ku Nkula, kumene amapanga magetsi. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri anabweretsa tizirombo todya namasupuni kuti timuchepetse. Ku nyanja ya Victoria nako asodzi anavutika naye m'zaka zomwezo, mabwato akulephera kutuluka pa doko. Tsono chomera chimene dziko likulimbana nacho ndi makina, ife tichinyamule m'chigubu kubwera nacho ku Viphya?

Wina ananena kuti, "Aise, ndi m'galasi basi, athawira kuti?" Ndikuyankheni. Teremu ikatha, tonse timabalalika. Tsiku lina wina adzapatsidwa ntchito yotsuka thanki, adzakhuthulira madzi kuseri kwa kalasi. Mvula ikagwa, madzi a kuno onse amatsikira m'timitsinje, ndipo timitsinjeto timathera m'madambo ndi m'madamu ngati damu la Luwawa. Kachidutswa kamodzi kokha n'kokwanira kuyambitsa munda. Mwina kuzizira kwa kuno kungamuchedwetse, koma ndani akufuna kuyesera pa madzi amene amayi athu amatunga?

Ngakhale m'galasi momwemo namasupuni sangatithandize. Amayandama pamwamba n'kutseka kuwala. Tinaphunzira mu Biology kuti chomera chimafuna kuwala kuti chipange chakudya ndi kutulutsa okosijeni. Masamba a namasupuni ali pamtunda, ndiye okosijeni wake wambiri amapita mumlengalenga, nsomba osapindula. Zapansi zikasowa kuwala zimawola, ndipo kuwolako kumadyanso okosijeni wa m'madzi. Mapeto ake tidzapeza tinsomba tili kukamwa yasa pamwamba m'mawa.

Tsopano za zithunzi za pa foni zija. Chimodzi mwa zomera zotchuka zoyala pansi pa thanki ndi Hemianthus callitrichoides, kwawo ndi ku Cuba. Timasamba take ndi tating'ono kuposa njere ya mpunga. Koma chimene chithunzi sichikuuzani n'chakuti eni ake amayatsa nyali yamphamvu maola ambiri tsiku lililonse, ndipo ambiri amapopera kaboni dayokisaidi m'madzi kuchokera mu silinda. Ife kuwala kwathu ndi zenera. Nanga ndalama yosonkhayo tiitenga kuti, pomwe ena a ife timayenda mtunda wautali m'mawa chifukwa cha kusowa ya transipoti? Tikhoza kugula, chomeracho n'kusungunuka mwezi usanathe.

Palinso amene akuti tiikemo mbuna za m'nyanja ya Malawi, poti azungu amazigula kukaika m'mathanki awo. N'zoona, mbuna ndi zotchuka dziko lonse. Koma zimakhala m'miyala, zimadya ndere, zimakumba mchenga n'kuzula zobzala, komanso zinazolowera madzi ofunda. Inu mukudziwa m'mene Juni ndi Julaye amatichitira kuno, zala kulephera kugwira cholembera. Mbuna ingapirire usiku umenewo m'labu? Matemba awiri kapena atatu a mumtsinje wathu ndiwo angakhale, chifukwa kuzizirako anabadwa nako.

Zimene ndikunenazi ndinayesako kunyumba. Ndinadula chibotolo cha malita 5, n'kubzalamo zomera ziwiri za kudambo. Choyamba ndinachizula m'mphepete, pamtunda ponyowa. Chinawola m'masiku owerengeka, madzi ananunkha, ndipo amayi anandiuza kuti ndikataye kudzala. Ulendo wachiwiri ndinatenga kaudzu kowonda ngati tsitsi kamene kanali kale pansi pa madzi. Kaudzu aka kanagwira. Patapita masabata angapo ndinaona timphukira tatsopano tikutuluka mumchenga pambali pake, ndipo dzuwa likawala timathovu tinkakwera kuchokera pa masamba. Phunziro langa ndi ili: osatenga chomera chifukwa chili pafupi ndi madzi, tengani chimene chikukhala m'madzimo kale.

Ndiye tikasankha, tifunse mafunso anayi. Kodi chikumera chonse pansi pa madzi? Kodi n'chachifupi, chosapitirira chala? Kodi chimayala chokha ndi mizu yoyenda pansi? Kodi chikumera ngakhale pa mthunzi? Mayankho onse akakhala eya, chimenecho n'chathu.

Kubzala kwake sikovuta. Pansi tiike dothi la kudambo lokwana masentimita 2, pamwamba pake mchenga wotsuka bwino masentimita 3 kuti matope asavunduke. Kaudzuko tikagawe timagulu ting'onoting'ono, tibzale motalikitsa zala ziwiri kuti kapeze poyalira. Tisanabzale titsuke ndi kuchotsa nkhono zonse, ndipo potenga tisalowe m'madzi odikha opanda nsapato, chifukwa nkhono zina zimafalitsa likodzo. Thanki ikhale pa zenera lolandira dzuwa la m'mawa, osati lotentha tsiku lonse, apo ayi ndere idzaphimba galasi. Nsomba zidikire masabata atatu mpaka mizu igwire. Lachisanu lililonse tichotse gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuthiramo ena. Zodula kapena zozula zonse tiziyanika padzuwa mpaka kuuma, osataya mumtsinje.

Ndikudziwa kuti ena mukuseka kuti, "Udzu wa ng'ombe womwewu, eti?" Eya, womwewu. Sudzakhala ndi duwa lofiirira, ndipo miyezi yoyamba pansi padzaoneka pa mbuu. Ndavomera. Koma thanki imeneyi si yongokongoletsa labu. Ife a Fomu 2 tili ndi JCE kutsogoloku, ndipo kuona timathovu ta okosijeni ndi maso kumakhala m'mutu kuposa notsi za pa bolodi. Kuti tione zimenezo, pafunika chomera chamoyo pansi pa madzi, chimene chikafa titha kukatenga china popanda kulipira.

Aphunzitsi athu anati nkhaniyi tivotera Lachitatu ku kalabu. Bwerani, ngakhale inu amene simugwirizana nane. Chibotolo changa chija ndibwera nacho, mudzaone nokha musanaimike mkono.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2