Tisamanyoze Makaniko Yekha

Galimoto ikafa patangotha sabata chichokereni ku sevisi, timathamangira kunyoza makaniko. Ine ndikuona kuti kawirikawiri wolakwa ndi wogulitsa masipeya. Malume anga, omwe amakonza galimoto pa Malomo, mumsewu wa Kasungu–Nkhotakota, amati mapadi a mabuleki achinyengo amabwera m'katoni yokongola ngati enieni, koma amatha msanga m'zitunda za ku Ntchisi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono mabuleki akakana pamtsetse minibasi itadzaza, chotayika si mbiri ya makaniko yokha, komanso miyoyo. Choncho bungwe la Malawi Bureau of Standards liziyendera mashopu a masipeya, ndipo makaniko azionetsa mwini galimoto lisiti la chitsulo chilichonse chimene waika.