Buku Langa Lopanda Chikuto

Lachinayi lapitali, pamsonkhano wathu wa alembi, ndinachita chinthu chamanyazi: ndinakhala chete. Mtsikana wina wa chaka chachiwiri anabwera ndi masamba asanu ndi limodzi a nthano imene anaijambula yekha ndi bolopeni, anthu ake akulankhula Chichewa m'timabwalo tapamwamba pa mitu yawo. Mapepalawo asanazungulire chipinda chonse, mkulu wina mwa ife, munthu amene ndimampatsa ulemu, anawakankhira pambali nanena kuti ife tinasonkhanira zolembalemba, za makomiki azikachita ana a ku pulaimale. Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Mtsikana uja analonga mapepala ake m'chikwama, ife n'kupitirira ndi ndakatulo ya mnzathu wina yodandaulira mwezi. Ine ndinali pomwepo, ndili duu ngati chitsa. Tsono popeza pakamwa panandikanika tsiku lija, lero ndilankhula ndi cholembera.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa, kuti amene akufuna kuseka asekeretu. Ine, ndi imvi zangazi, ndimasunga makomiki. Pansi pa bedi langa pali bokosi lachitsulo lodzaza mpaka kukamwa. Muli a Tintin ndi a Asterix amene ndinkagula kwa anyamata oyala mabuku pansi m'misewu ya ku Limbe. Muli a Sara, kamtsikana kaja kamene bungwe la UNICEF linakabweretsa m'chigawo chino cha Africa mu 1996. Mulinso makope awiri a sukulu amene ndinamatamo Pewani wa malemu Brian Hara, womdula ndi lezala mu Malawi News mlungu ndi mlungu. Koma nyumba itati yagwira moto usiku, n'kundiuza kuti nditulutsemo buku limodzi lokha, sindingayambe ndaganiza. Ndingatole buku lonyansa koposa onse: lopanda chikuto, lothimbirira ndi utsi, losokedwa kumsana ndi ulusi wa thumba la feteleza, masamba anayi otsiriza kulibe.

Bukulo ndi Spear. Achinyamata simumdziwa, choncho ndifotokoze. Kuyambira mu 1968 mpaka mu 1972, kampani ya Drum ya ku Johannesburg inkatulutsa magazini ya nthano za zithunzi imene ku Kenya ndi ku Nigeria inkatchedwa African Film. Zithunzi zake sizinali zojambula pamanja. Anali anthu enieni ojambulidwa ndi kamera akuchita sewero, mawu awo n'kulembedwa pamwamba. Mwini nkhani anali wapolisi wodziimira payekha wotchedwa Lance Spearman, munthu wakuda, wa suti, tayi yagulugufe ndi chipewa, ndudu ili pakamwa, amene ntchito yake inali kusaka zigawenga monga Rabon Zollo. Ana a Africa ambirimbiri anayamba kuonera pamenepo munthu wa khungu lawo akupambana m'buku, osati akunyamula katundu wa mzungu.

Langali linafika kwathu ku Mauwa, m'boma la Chiradzulu, mu 1972, m'sutikesi ya amalume anga pochokera kumigodi kumene anapita pa Wenela. Anabwera ndi bulangete la agogo, nsalu ya amayi, ndi wailesi imene inakhala chete mabatire oyamba atangotha. Ine ndinali mu Sitandade 4. Madzulo a tsiku lachiwiri anandiitana pakhonde, natulutsa bukulo, nati: "Mphwanga, anthu awa ndayenda nawo kuchokera ku Joni, koma chimene akukangana sindinachimve. Tandiuza." Amalume sankadziwa kuwerenga Chingerezi. Anagula bukulo chifukwa cha zithunzi, nalisunga miyezi yonseyo kudikira mwana wa mlongo wawo.

Chingerezi changa chinali chongokwana kupempha chilolezo chopita panja. Koma amalume anali kudikira, anzanga atatizinga, ndipo mwana wa sukulu sakana pamaso pa anthu. Ndinayamba kuwerenga mochita kugogoda, ndikumasulira m'Chichewa. Pamene Chingerezi chandithera ndinkayang'ana nkhope za anthuwo, manja awo, kumene maso awo aloza, kenaka n'kupeka. Ndikapeka zosagwirizana ndi chithunzi, amalume ankagwedeza mutu: "Iyayi mphwanga, munthu wokunga chibakera chonchi sanganene zimenezo." Ndiye ndinkabwerera. Mpaka lero sindinakumane ndi wosanthula nkhani woposa munthu ameneyo, amene dzina lake ankalemba ndi chala cha inki.

Bukulo linayenda mudzi wonse. Linapita kudambo ndi abusa a mbuzi, linagona m'gowelo, linanyowa ndi mvula, mphunzitsi wina analilanda n'kulibweza patatha sabata ziwiri atalimaliza yekha. Chikuto chinatha ndi manja. Masamba anayi otsiriza anawang'amba agogo aamuna tsiku lina kupichirira chingambwe, ife tili kusukulu, tisanafike n'komwe kumapetoko chifukwa cha kuchedwa kwa womasulira. Ndinalira ngati pagwa maliro. Pa tsamba lomaliza limene linatsala, Spear ali m'manja mwa adani ake, njira yothawira palibe. Anapulumuka bwanji? Utsi wa agogo ndi umene ukudziwa.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Chifukwa chosowa mapeto, tinayamba kupanga athu. Madzulo alionse mwezi ukawala, aliyense ankabwera ndi njira yake yompulumutsira Spear, ena n'kumatsutsa. Wina anati anadula zingwe ndi mano. Tinamkana, chifukwa pa chithunzi zingwezo zinali kumbuyo. Mlongo wanga anati anapulumutsidwa ndi mkazi amene anaoneka pa tsamba lachitatu atanyamula chikwama. Tinamseka poti ndi mtsikana, koma tonse tinkadziwa kuti mapeto ake ndiwo anali ogwira mtima, popeza iye yekha anakumbukira kuti munthu saonetsedwa m'nkhani popanda chifukwa. Kodi zimenezi zikusiyana pati ndi zimene timachita m'chipinda chathu Lachinayi lililonse? Msonkhano wanga woyamba wa alembi unachitikira pansi pa mtengo wa mango ku Mauwa, ndipo unali waukali kuposa uno.

Ndikudziwa zimene muyankhe, anzanga ophunzira. Munena kuti Spear anali malonda a azungu a ku Joni, wodzaza ndi zibakera ndi mowa wa m'botolo, wotengera akazitape a m'mafilimu a kunja, ndipo sananenepo kanthu za tsankho limene linali kusautsa anthu a mtundu wake pakhomo pomwepo. Zonsezo n'zoona, sindikana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma taonani chimene mwachita: mwayamba kulisanthula bukulo, kufunsa mwini wake, cholinga chake, ndi zimene labisa. Imeneyo ndiyo ntchito imene ndikupempha. Chimene ndikukana n'chakuti mtundu wonse wa nthano za zithunzi utayidwe kudzala musanauwerenge. Mabuku a nthano oipa alipo ambiri, ndakatulo zoipa ndiye tazimva ndi makutu athu m'chipinda chomwechi, koma palibe anaimirira kunena kuti ndakatulo ndi za ana.

Ngati inu mukuyesa makomiki chidole, maboma sanaganize choncho. Mu 1975 ku South Africa kunatuluka komiki ina yotchedwa Mighty Man, ya ngwazi yakuda yolimbana ndi mbava m'malokeshoni, yophunzitsa anthu kumvera lamulo ndi kuthandiza apolisi. Pambuyo pake zinaululika kuti ndalama zake zinkachokera mwamseri ku nthambi yofalitsa nkhani ya boma la tsankho. Anthu amene anali ndi mfuti ndi ndende anaona kuti n'kofunika kutaya ndalama pa tizithunzi, chifukwa ankadziwa kuti tizithunzito timafika kumene nkhani zathu zazitali sizifika. Ife ndiye anzeru kuposa iwo, timati n'zamasewera. Ndakatulo zathu zimawerengedwa ndi anthu makumi awiri, theka la iwo ndi olemba anzathu odikira nthawi yawo. Pewani ankawerengedwa ndi mlonda, kalaliki, mayi wogulitsa mandasi ndi nduna yomwe. Kodi wolemba wa anthu ndani pamenepa?

Musandiuzenso kuti kusimba ndi zithunzi ndi mwambo wachilendo. Pitani ku Chongoni, m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Makolo athu ankaphunzitsa ndi zithunzi pepala lisanafike kuno. Chachilendo ndi mwambo wathu uwu woyesa nzeru za munthu ndi kutalika kwa ziganizo zake.

Pali gulu lina limene ndili nalo mlandu, ndipo ndi la osunga makomiki anzanga. Mu April 2024, ku America, kope limodzi la Action Comics nambala 1, la chaka cha 1938, mmene Superman anaonekera koyamba, linagulidwa pa mtengo wa madola 6 miliyoni. Litangotuluka kumene linkagulidwa ndi masenti 10. Makope oterewa amapimidwa ndi akatswiri, napatsidwa malikisi osapitirira 10 malinga ndi kusakhudzidwa kwake, kenaka n'kutsekeredwa m'kabokosi ka pulasitiki. Wotsegula kabokosiko wagwetsa mtengo. Ndiye kuti buku lamtengo wapatali koposa ndi limene ana sanaliwerenge. Pa muyeso umenewo Spear wanga sangapeze ngakhale malikisi awiri, ndipo ine ndikunyadira. Banga lililonse lili ndi mwini wake. Pa tsamba 9 pali chala cha mafuta a nyale cha amalume. Pa tsamba 14 pali dzina la mnzanga amene tinamuika m'manda kalekale, analilemba pofuna kuti bukulo likhale lake. Muchotse zimenezi, mutsala ndi pepala.

Magulu awiriwa amaoneka ngati adani, koma ndi pachibale. Wophunzira akuti usawerenge chifukwa n'chachabe. Wamalonda akuti usawerenge chifukwa n'chamtengo. Onse awiri akulanda buku m'manja mwa mwana.

Ndipo pamene ife tikunyozana chonchi, chuma chathu chikutha. Zambiri zimene anajambula a Brian Hara, a Vic Kasinja amene anatipatsa Joza, ndi a James Kazembe a Amtchona, zinakhala m'manyuzipepala ndi m'magazini, ndipo tonse tikudziwa kumene nyuzipepala ya dzulo imathera: kukulunga usipa, kuyatsira mbaula, kumata zipupa. Mmenemo ndi mmene muli mavalidwe athu, mabodza athu, ngongole zathu, ndi njira zimene tinkasekera zinthu zimene sitikanatha kuzitchula poyera pamene bungwe lounika mabuku, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, linali ndi lumo m'manja. Ndifunse aphunzitsi anzanga: ndi angati mwa ife amene anatumapo wophunzira ku National Archives ku Zomba kukafufuza zimenezi? Za olemba a ku London timazidziwa mpaka tsiku limene anadwala chimfine. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Spear wanga nayenso ndi mboni. Patangopita zaka ziwiri chifikireni bukulo, mu April 1974, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 amene anali kubwerera kwawo kuchokera kumigodi, ndipo boma linaimitsa kulemba anthu ntchito ya kumeneko. Ndikagwira bukuli ndimaganiza za masutikesi amene sanafike, ndi ana amene anadikira pakhonde. Mabuku a mbiri amatiuza chiwerengero cha amuna amene anapita ku Joni. Kabuku kong'ambikaka kamandiuza chimene mmodzi wa iwo anaona kuti n'choyenera kunyamulira mphwake.

Tsono zopempha zanga ndi zitatu, ndipo sizifuna ndalama za wina aliyense. Choyamba, mtsikana uja aitanidwenso, ndipo amene tinaseka kapena kukhala chete tipepese. Nthano yake tiisanthule mopanda chisoni, monga timachitira ndi ina iliyonse: ngati zithunzi zake n'zofooka timuuze, ngati Chichewa chake n'chopotoka timuwongole, koma tiiwerenge. Chachiwiri, magazini ino ipatule masamba awiri pa kope lililonse a nthano za zithunzi, makamaka za m'zilankhulo zathu. Kwathu ku Chiradzulu kokha kuli nkhani ya John Chilembwe ndi zimene zinachitika ku Mbombwe mu 1915, imene ana ambiri amangoidziwa ngati tsiku la tchuthi ndi nkhope ya pa ndalama. Wojambula waluso angaifikitse kumene ife talephera. Chachitatu, amene muli ndi makomiki akale m'mabokosi, atulutseni chiswe chisanatitsogolere, tiwalembe m'kaundula, tiwajambule, ophunzira awagwire.

Ine ndiyamba. Lachinayi likudzali ndibwera naye Spear wanga, ndimuika patebulo. Palibe chifukwa chosamba m'manja. Wadutsa m'manja oposa anuwo. Muwerenge mpaka pamene anasiyira agogo. Kenaka ndidzapempha amene anaseka kwambiri tsiku lija kuti aimirire, atiuze mmene munthuyo anapulumukira. Ana a ku Mauwa ankatha. Tidzaone ngati madigiri angathe.