KUDEKHA KWA OSULA AKALILOLE A M'MLENGALENGA

Aliyense amene anajambulitsapo chifuwa kuchipatala adziŵa kuti cheza cha X-ray chimapyoza mnofu monga mmene madzi apyolera m'dengu. Chimene ambiri sadziŵa nchakuti cheza chomwecho chimachokeranso kumwamba, ku nyenyezi zimene zinaphulika ndi ku mpweya wotentha koposa. Koma mpweya wokuta dziko lapansi umachitchinga, kotero kuti wofuna kuchipima ayenera kutumiza makina ake m'mlengalenga.

Vuto lalikulu lagona pa kalilole. Telesikopu, makina oonera zakutali, imasonkhanitsa kuŵala ndi kalilole; koma cheza ichi chikagunda kalilole molunjika chimangoloŵerera osabwerera. Chimanjanja pokhapokha chikamkhudza chopendekeka, ngati mwala wophwatalala umene mwana auponya pamwamba pa madzi. M'chaka cha 1952 Hans Wolter wa ku Germany anaonetsa kuti akalilole aŵiri otsatana, oumbidwa ngati migolo yoboola mbali zonse, angathe kunjanjitsa chezacho kaŵiri ndi kuchikusa pamalo amodzi. Iye ankaganiza za makina oonera tinthu tating'ono, koma nzeru yakeyo inakapindulira ophunzira za nyenyezi.

M'chaka cha 1962 Riccardo Giacconi ndi anzake, pogwiritsa ntchito roketi, anapeza gwero loyamba la chezachi kutali ndi dzuŵa lathu. Telesikopu ya Einstein inauluka mu 1978 itanyamula akalilole a mtundu wa Wolter. Ina yoposa imeneyo, yotchedwa Chandra, anaipempha mu 1976, koma inauluka mu 1999, patapita zaka 23. Akalilole ake asanu ndi atatu anaikidwa aŵiriaŵiri, ena m'kati mwa anzawo monga mbale zosanjikiza, ndipo wamkulu ndi wa mamita 1.2 m'mimba mwake. Amisiri anawapala ndi kuwasalaza kufikira timabampu totsala tinali ta maatomu oŵerengeka chabe, nawakuta ndi chitsulo cha iridium. Zoonadi, kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsono mfundo yovuta sinamasulidwebe. Kalilole wochindikala amaona bwino koma ngolemera. Wopyapyala ngopepuka koma amapindika. Telesikopu ya ku Ulaya ya XMM-Newton, imene inaulukanso mu 1999, ili ndi magulu atatu a akalilole opyapyala, 58 pa gulu lililonse. Imakusa cheza chambiri, koma zithunzi zake sizifika pa za Chandra. Akatswiri akuyesa kusanja timapale ta silikoni pofuna kalilole wopepuka ndi wakuthwa maso pamodzi.

Chandra wakalamba, ndipo palibe telesikopu ina ya chezachi imene yamposa maso. Maiko amene ali ndi chuma asatope kulipirira ntchito yosula akalilole chifukwa choti zipatso zake zimachedwa, pakuti luso la manja likafa pamodzi ndi eni ake silidzuka msanga. Aphunzitsi nawo, pophunzitsa za kuŵala, asamatchule Giacconi yekha, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2002. Atchulenso amisiri osadziŵika amene anasalaza galasilo. Wachinyamata amene watsiriza sukulu naloŵa ntchito ya manja adziŵe kuti sayansi imaima pa anthu oyeza mosamala ndi osafulumira.