Akuba amene sagona tulo

Inu alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya a ku Makanjira ndi Monkey Bay, zomwe mumalemba pa foni za katemera wa ana ndi amayi oyembekezera sizithera m'fonimo. Zimakasungidwa pa seva, kompyuta yaikulu imene mumalowamo ndi pasiwedi. Makompyuta a akuba amagogoda pa maseva otere usana ndi usiku, kuyesa mapasiwedi zikwizikwi mpaka imodzi itsegule. Amayambira pa 123456.

Mu February 2024, Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba alanda makompyuta opangira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Pasipoti munthu amadikira, koma mbiri ya matenda a mwana ikawanda simungaibweze.

Sankhani pasiwedi yaitali, ndipo musamabwerekane ngati khasu. Oyang'anira seva nawo aziikonza kuti izitsekera kunja aliyense wolakwitsa kangapo, monga imachitira PIN ya Mpamba.