Malawi Si Nyanja Yokha

Ine ndimakhala ku Area 23, ndipo ndinena mosapsatira mawu: anzathu ojambula zithunzi akutinamiza. Pitani pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town mukaone zimene amayala pamenepo. Dzuwa lofiira panyanja, msodzi m'bwato, mlambe, phiri la Mulanje. Chaka ndi chaka zomwezo! Kodi Malawi yense wathera pamenepa?

Iwo amati zimenezi ndiye mzungu amagula. N'zoona, njala ilibe manyazi. Koma kodi mlendo wa masabata awiri ndiye atisankhire nkhope ya dziko lathu?

Makolo athu ku Chongoni, ku Dedza, ankajambula pamatanthwe zophunzitsa anamwali awo. Sankadikira wogula, komabe mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Tijambulireni phiri la Ngwenya limene oswa miyala akulidya tikuona. Tijambulireni njinga zolemedwa ndi makala ochokera ku Dzalanyama, ndi phiri la Soche monga linagumukira anthu a ku Chilobwe mu 2023. N'zosakongola, inde, koma n'zathu.

Zidzukulu zikadzafunsa kumene kunapita mitengo ndi mapiri, kodi tidzazionetsa bwato?