MTIMA WA WODWALA KHANSA NAWO UFUNA KUPIMA

Odwala khansa ocokera ku Petauke, Katete, Chipata ndi Lundazi amayenda ulendo wautali pa mseu wa Great East kudzaonana ndi madokotala ku Lusaka. Ena amafikira kwa abale ao ku Woodlands, Kabwata ndi Chilenje, pafupi ndi Cancer Diseases Hospital, cipatala cimene Pulezidenti Levy Mwanawasa anatsegula mu 2007. Cisanamangidwe, wofuna cithandizo cootca khansa ndi makina anali kutumizidwa ku South Africa kapena ku Zimbabwe.

Koma makina sapima mtima wa munthu. Wodwala amene wataya mtima amaleka kudya, amalumpha masiku a mankhwala, ndipo nthawi zina amabwerera kumudzi cithandizo cisanathe. Ici ndico cifukwa cake akatswiri anakonza njira zodziwira ngati wodwala akali ndi ciyembekezo. Mu 1974 dokotala wa ku America, Aaron Beck, anatulutsa ziganizo 20 zonena za m'tsogolo, zimene munthu amayankha kuti nzoona kapena sizoona. Mu 1992 namwino Kaye Herth anatulutsa zina 12 zopimira ciyembekezo. Mayankho amasonyeza amene afunika uphungu msanga.

Mafunso otere sanalembedwere mlimi wa ku Nyimba, ndipo nkhawa zake zili pena: ndani adzalima munda, ana adzadyanji, kodi abale a ku Woodlands sadzatopa naye. Winanso amakhulupirira kuti analodzedwa. Conco wofunsa ayenera kulankhula cinenero ca wodwala ndi kumvetsera modekha, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo anthu ambiri amabisa cisoni cao pamaso pa dokotala.

Ciyembekezo ceniceni sicicokera ku bodza. Kubisira mai matenda ake kumamlanda mpata wokonza za ana ake. Coona ncakuti khansa ya khomo la ciberekero, imene imagwira akazi ambiri m'Zambia kuposa ina iliyonse, imacizika ikapezeka msanga. Kupima kwake kunayamba m'makiliniki a Boma mu 2006, ndipo mu 2019 katemera wa atsikana anafalitsidwa m'dziko lonse.

Motero nchito yagwera a kumudzi. Mafumu ndi akulu a mipingo alimbikitse amai kukapimitsa asanamve kuwawa. Abale a wodwala ali ku Lusaka amtumire foni, amuuze za munda ndi ziweto zake, ndipo akaona kuti wasiya kukamba za mawa, adziwitse anamwino tsiku lomwelo.